LIMANI PAMENE MUKHALA

Ulaliki wa pa ciyambi ca caka, kwa Akristu a ku Chawama ndi a m'makomboni ena a mu Lusaka

Werengani Yeremiya 29:1-14

Pamene mutsegula buku ili la masiku a caka, mvula iri pakati, cimanga ca kumidzi cafika m'ciuno, ndipo m'njira za Chawama madzi aima m'maenje. Iyi ndiyo nyengo imene ufa umakwera mtengo, ndipo amai ambiri amabwerera kucokera ku kantemba atanyamula kathumba kaja ka pamela, ufa wokwanira nsima ya usiku umodzi wokha. Cifukwa cace ndafuna kuti mau athu oyamba a caka cino akhale a cakudya. Kapena wina adzafunsa, Kodi nkhani ya nkhwani ndi nsinjiro iyenera kulowa m'nyumba ya Mulungu? Ndiyankha kuti Ambuye wathu, pophunzitsa akuphunzira ace kupemphera, anaika pempho la cakudya pakati peni peni pa pempherolo. Ndipo cimene tiloledwa kucipempha kwa Mulungu tiyeneranso kucilingalira pamaso pace.

I. Kalata ya kwa andende

M'caka ca 597 Kristu asanabadwe, Nebukadinezara mfumu ya ku Babulo anacotsa m'Yerusalemu mfumu Yekoniya, pamodzi ndi akuru a dziko, amisiri a mitengo ndi osula zitsulo, nawatengera ku dziko lacilendo. Anthu awa anakhala kumeneko ndi mtima wa pa ulendo. Panali aneneri amene anawauza zokoma m'makutu, monga Hananiya ku Yerusalemu, amene analonjeza kuti zisanathe zaka 2 andende onse adzakhala atabwerera kwao. Munthu woyembekeza kucoka mawa sabzala kanthu. Amangodikira, nadya cimene wapatsidwa.

Pamenepo Yeremiya anawalembera kalata yowawa koma yoona. Anawadziwitsa kuti ukapolo wao udzafika zaka 70, ndi kuti cifuniro ca Yehova ndico cakuti akhazikike: akhale ndi nyumba zao zao, akhale ndi minda yowadyetsa, akwatitse ana ao, ndiponso afunire zabwino mudzi umene anatengedwako ndi kuupempherera, popeza ubwino wa mudziwo ndiwo udzakhala ubwino wao. Taonani kuti mneneri sanalekanitse khasu ndi pemphero. Anaziika m'kalata imodzi, monga nchito ziwiri za munthu mmodzi wokhulupirira.

Ife sitiri andende, komatu mbiri yathu ifanana ndi yao m'cinthu cimodzi. Pamene Lusaka anakhala likuru la dziko m'caka ca 1935, boma la atsamunda linayesa munthu wakuda mlendo m'tauni, wobwera ndi citupa kudzagwira nchito ndi kubwerera kumudzi mphamvu zikatha. Makolo athu anafika kucokera ku Chipata, ku Katete, ku Petauke, ena ku Nyasaland ndi ku Tete, namanga timisasa pa malo a azungu ndi pafupi ndi migodi ya miyala. Komboni yathu ino poyamba inadziwika ndi dzina la Roberts. Ngakhale ufulu utafika mu 1964, malo awa anayesedwabe osaloledwa, kufikira lamulo la nyumba la 1974 linatsegula njira yakuti abvomerezedwe. M'zaka zomwezo, ndi cithandizo ca World Bank, Chawama ndi George ndi makomboni ena analandira miseu ndi mipope ya madzi, ndipo anthu eni ace anakumba ngalande za mipopeyo ndi manja ao.

Zaka zoposa 50 zapita. Adzukulu a anthu aja anabadwira kuno, ndipo ambiri a iwo sanaonepo nkhokwe ya agogo ao. Koma kufikira lero timvabe munthu wa imvi alikunena kuti, Ine kuno ndingokhalitsa, ndidzalima ndikabwerera kwathu. Mbale wanga, Hananiya akali kulankhula mumtima mwako. Kumene ana ako adyera nsima ndiko kwanu, ndipo dzina la komboni ino, Chawama, litanthauza kuti ncabwino. Ndi dzina la cikhulupiriro, ndipo tiri ndi mangawa akulikwaniritsa.

II. Mphika umene unacepa

Tiyeni tione cimene tinataya panjira. Agogo athu sanadalire mbeu imodzi. M'munda umodzi munali cimanga, mapira, mawere, maungu, khobwe, nzama, nandolo ndi nsawawa; m'mphepete munali cinangwa ndi mbatata; ndipo pakati pa mizere panamera zokha ndiwo zimene palibe anazifesa, bonongwe, luni, cisoso ndi denje. Mvula ikacepa, cimanga cinafota koma mapira anapirira. Nyemba zinabwezera mphamvu m'nthaka, pakuti mizu yace iri ndi timatuza timene timasonkhanitsa cakudya ca nthaka kucokera mumpweya. Masamba a dzinja anawafutsa, nawasunga m'cikwatu, kuti m'mwezi wa Okutobala, pamene dziko lonse lauma, mwana adye nsima ndi mfutso wotendera.

M'tauni mphika unacepa pang'ono pang'ono. Tinaphunzira kunena kuti munthu amene sanadye nsima ya ufa woyera wagona ndi njala, ngakhale atakhuta mbatata. Tinasiya m'gaiwa, umene uli ndi mtima wa njere ndi gaga wace, ndi kukonda ufa wopepetedwa kufikira catsala coyera cokha. Ndiwo zathu zinatsala repu ndi kabici, mawa kabici ndi repu. Ndipo coipa coposa, tinayamba kucita manyazi ndi zakudya za makolo, ndi kuzicha zakumudzi, kotero kuti mlendo akafika timabisa mbale ya therere monga ngati ndi cimo.

Mtundu wodalira mbeu imodzi uli ngati nyumba yoimira pa mzati umodzi, ndipo ife taona mzatiwo ulikugwedezeka kangapo. Mu Disembala 1986 mtengo wa ufa utakwezedwa kunabuka cipolowe ku Copperbelt. Mu Juni 1990 cipolowe ca ufa cinafika mu Lusaka muno, masitolo anaphwanyidwa ndipo anthu anafa. Mu 1992 cirala cinatidyetsa cimanga cacikasu cocokera kunja kwa nyanja. Cakumapeto kwa 2016 kunafika mbozi zacilendo zimene zimadya cimanga kumtima. Ndipo pa 29 Febuluwale 2024 Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza kuti cirala cakhala tsoka la dziko lonse, pakuti mwa mahekitala 2.2 miliyoni a cimanga amene anabzalidwa, pafupi miliyoni imodzi anaonongeka. Caka cimeneco madzi anacepanso ku Kariba, magetsi anazima, ndipo zigayo zinaima. Akuru anati cakudza siciyimba ng'oma. Komatu ici cayimba ng'oma kasanu, ndipo tikapanda kumva mlandu uli pa ife.

Palinso njala ina yosaoneka, imene imakhala ngakhale m'nyumba mosasowa nsima. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa ana 100 osafika zaka 5 m'Zambia, ana 35 anali opinimbira. Mimba ya mwana ikhoza kudzala ndi phala loyera, thupi lace ndi nzeru zace nkumasowabe zomangira. Supuni ya nsinjiro m'phala, masamba obiriwira, dzungu, khobwe ndi kapenta wosinja ndizo zimene thupi laling'onolo lifuna, ndipo zonsezi ndi zakudya zimene tinazinyoza.

Pano ndiyenera kuulula kulakwa kwanga. Mumpingo umene ndinatumikira munali mai wina wamasiye, wocokera kum'mawa, amene anasunga m'nyumba mwace citini cakale codzala ndi timapukusi ta nsanza. M'kapukusi kali konse munali mbeu: nzama zofiira, khobwe wa mawanga, njere za limanda, ndi maungu a mtundu umene amace anamupatsa pa tsiku la ukwati wace. Caka ndi caka anabzala pang'ono kuseri kwa nyumba kuti mbeuzo zisafe. Anandipempha kawiri kuti ndimtumizire atsikana a mumpingo awaphunzitse maina ace ndi kaphikidwe kace, ndipo kawiri konse ndinati, Tidzaona pambuyo pa msonkhano. Mai uja anamwalira. Posesa nyumba maliro atatha, ana anataya citinico kudzala pamodzi ndi zinyalala, osadziwa cimene cinali m'kati. Ndinalalikira pa maliro ace, koma colowa cace ndinacilekerera. Ndilemba izi kuti mbusa wina ndi mkuru wa mpingo wina asacite monga ndinacitira ine.

III. Amene anayamba kale

Tisayese kuti nchito iyi ndi yatsopano, kapena kuti tiri tokha. Ku Kasisi, kum'mawa kwa Lusaka, Ajezuiti anatsegula sukulu ya alimi mu 1974, ndipo patapita zaka anatembenukira ku ulimi wa manyowa, wosadalira feteleza ndi mankhwala ogula. Alimi ambiri ang'ono ang'ono aphunzira kumeneko kupanga manyowa a zinyalala ndi kusinthanitsa mbeu m'munda. Mai Sylvia Banda, mwini wa Sylva Food Solutions, anadziwika m'dziko lonse cifukwa ca kuphunzitsa alimi, makamaka akazi, kuumitsa ndiwo za makolo mwaukhondo m'zoumitsira za dzuwa, ndi kuziika m'mapaketi kuti zigulitsidwe m'masitolo a m'tauni. Mfutso umene ena anaubisa, iye anauika pa thebulo la alendo olemekezeka.

Ku Munda Wanga, ku Chilanga, mabungwe a alimi ndi a mipingo akhala akucititsa cikondwerero ca mbeu ndi zakudya za makolo, kumene alimi ocokera m'zigawo zonse amayala mbeu zao, monga cimanga ca gankata, mapira, mawere ndi nyemba za mitundu mitundu, nasinthana wina ndi mnzace. Pafupi pomwepo, ku Mount Makulu, boma lisunga mbeu za dziko lino m'nyumba yozizira kuti zisatayike. Zonsezi nzoyamikika. Koma mbeu yosungidwa m'botolo la akatswiri sidyetsa mwana wa ku Chawama kufikira wina ataibzala ndi wina ataiphika.

Ndipo tisaiwale atumiki amene sachulidwa m'nyuzipepala: amai a pa msika, amene amadzuka kusanace kupita ku Soweto kukagula ndiwo za alimi a ku Chongwe, ku Chibombo ndi ku Mumbwa, nabwera nazo pamutu kudzaziyala pa msika wa Chawama. Cifukwa ca iwo mwana wa m'komboni adziwabe cibwabwa, kalembula, katapa, bondwe ndi impwa, maina amene tinaphunzira kwa anansi athu a mitundu yina, pamene ife akum'mawa timati nkhwani, kholowa, cigwada ndi bonongwe. M'komboni mitundu inakomana, ndipo miphika yao inakomananso. Mcewa anaphunzira munkoyo, Mbemba anaphunzira thobwa. Ici ndi cuma cimene kumudzi kunalibe.

IV. Ticite ciani tsono?

Ndidziwa zimene mudzanena, pakuti ndazimva pa makomo anu. Wina adzati, Malo ndiribe, nyumba ndi ya lendi, ndipo pabwalo pali mabanja asanu. Wina adzati, Pansi pano ndi mwala wokha wokha, dzinja madzi amasefukira, cirimwe madzi timagula pa cigubu. Zonsezi nzoona, ndipo sindizicepsa. Komatu andende a ku Babulo analibenso dziko lao lao, ndipo kalata inawafikabe. Mulungu safunsa hekitala kwa munthu amene ali ndi khonde lokha. Afunsa za khondelo.

Coyamba, bzalani m'cimene muli naco. Thumba lakale la ufa, lodzazidwa ndi dothi losakaniza ndi manyowa, ndi kuboola m'mbali mwace, likhoza kusenza mitengo yambiri ya ndiwo pa malo amene mpando umodzi ukadakhala. Thumba liposanso bedi la pansi m'nyengo ya madzi osefukira, pakuti mukhoza kuliika pa miyala. Dzungu limodzi lokwera pa mpanda lipatsa banja nkhwani miyezi ingapo. Mbatata ipatsa masamba pamwamba ndi cakudya pansi. Makoko a nthoci, zotsala za ndiwo, zitosi za nkhuku ndi phulusa la pa mbaula musazitaye m'ngalande, kumene zimatseka madzi. Ziunjikeni, zivunde, zibwerere kunthaka kumene zinacokera.

Caciwiri, samalani madzi amene muthirira. Tikumbukira kolera imene inayamba mu Okutobala 2017, ndi inanso yoopsa koposa imene inayamba mu Okutobala 2023, pamene bwalo la masewera la National Heroes linasandulika cipatala. Mwala wa pansi pa makomboni athu uli ndi ming'alu, ndipo zonyansa za m'zimbudzi zimatsikira msanga m'zitsime zosazama. Cifukwa cace musathirire ndiwo ndi madzi a m'ngalande kapena a m'maenje akale a miyala. Madzi otsukira mpunga ndi ndiwo ndi abwino, ndipo muwathire pa tsinde, osati pa masamba. Ndiwo zonse zitsukidwe ndi madzi oyera ndi kuphikidwa bwino. Munda wodwalitsa mnansi suli wa Mulungu.

Cacitatu, bwezerani mfutso m'nyumba zanu. Mu Febuluwale ndi Malici masamba amacuruka, mtengo wace umatsika, ndipo milu yambiri imaolera pa msika. Imeneyo ndiyo nthawi yogula ndi kufutsa. Viikani masamba kanthawi kocepa m'madzi owira a mcere pang'ono, muwayanike pa thandala lokwezeka, pamthunzi podutsa mphepo, mutaphimba ndi kansaru kopyapyala cifukwa ca nchenche ndi fumbi. Akauma gwa, muwatsekere m'cotengera couma. Nsawawa nazonso ziume bwino, ndipo za cuku muzitaye, pakuti cuku ca nsawawa ndi ca cimanga ciri ndi ululu wosaoneka umene kuphika sikuucotsa. Pamene Ambuye anadyetsa khamu lija la anthu, analamulira kuti makombo atoledwe, ndipo anadzala mitanga 12. Iye amene akadatha kucurukitsa mkate tsiku liri lonse sanalole kuti cotsala citayike.

Cacinai, mipingo itsegule mabwalo ace. Pafupi chalichi ciri conse m'Chawama ciri ndi kamalo mkati mwa mpanda, kumene masiku asanu ndi limodzi kumangomera udzu. Akuru a mpingo agawe kamaloko kwa amai ndi anyamata, gawo lina la zokolola lipite kwa amasiye ndi odwala, ndipo bedi limodzi lisiyidwe kuti likhwime, likhale la mbeu. Dziwani kuti mbeu ya haibulidi ya m'sitolo, ngakhale ibereka kwambiri caka coyamba, imacepa mphamvu mukaibwereza; koma mbeu ya makolo mukhoza kuisunga caka ndi caka ndi kugawira mnzanu. Pa Sabata la zokolola, mu Meyi kapena Juni, pasabwere ndalama zokha. Pabwerenso timapukusi ta mbeu, ndipo ali yense abwerere kwace ndi mtundu umene analibe. Mutu umodzi susenza denga.

Cacisanu, itanani okalamba aphunzitse. Lisanathe dzinja lino, mpingo uli wonse upatule tsiku limodzi lakuti agogo aphike pamaso pa acinyamata: kuceza cidulo, kutendera ndiwo, kuphika futali, kumeretsa cimera ca thobwa. Anyamata asakhale patali, pakuti njala sisankha mwamuna kapena mkazi. Mmodzi wodziwa kulemba akhale ndi buku, alembe dzina la mbeu iri yonse, kumene inacokera, mwezi wobzala ndi kaphikidwe kace.

Ndionjezepo cenjezo limodzi. Kukonda zakudya za makolo sikutipatsa ufulu wakuononga thengo limene zimacokera. Cikanda, cimene ife timati cinaka, cimapangidwa ndi timizu ta maluwa a m'madambo, ndipo cifukwa ca kucuruka kwa ogula m'matauni timizuto tacepa m'madambo ambiri a dziko lino, kotero kuti amalonda amakatenga ku mapiri a kumwera kwa Tanzania. Mitengo imene imatipatsa masuku, bowa ndi vinkubala ndiyo yomweyo imene imabwera kuno m'matumba a makala. Adamu anaikidwa m'munda ndi nchito ziwiri, kuulima ndi kuusunga. Wocita yoyamba yokha wamvera theka la lamulo.

Abale anga, thumba limodzi la ndiwo silidzathetsa cirala, ndipo bedi la pa chalichi silidzalowa m'malo mwa munda wa mlimi kapena udindo wa boma. Koma banja limene liri ndi ndiwo pakhonde limaika ndalama ya ndiwo pa ufa ndi pa sukulu. Mwana amene wadya nsinjiro ndi masamba amakula. Ndipo mai wa ku Chongwe amene mwagula nzama zace adzabzalanso nzama caka camawa. Umu ndimo munthu wamba afunira zabwino mudzi umene akhalamo. M'kalata yomweyo Yehova anauza andende kuti zimene awalingirira nza mtendere, ndi kuti ali nalo tsogolo. Ndipo anthu amene analandira lonjezolo ndi omwewo amene anauzidwa kugwira khasu. Pamene mutembenuza masamba a buku ili mwezi ndi mwezi, lembani m'mbali mwace tsiku lofesa, tsiku lofutsa ndi tsiku losankha mbeu, monga mulemba masiku a Mgonero.

Tipemphere.

Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene mupatsa mvula ndi dzuwa pa nyengo yace, tikuyamikani cifukwa ca mbeu zimene munapatsa makolo athu. Mutikhululukire pamene tanyoza mphatso zanu ndi kutaya zimene ena anatisungira ndi misozi. Dalitsani alimi a kumidzi, amai a pa msika, ndi ali yense wobzala pa kamalo kocepa m'Chawama, m'Kanyama, m'Matero, m'George, m'Kalingalinga ndi m'Mtendere. Cinjirizani ana athu ku njala ndi ku nthenda ya madzi oipa. Mutiphunzitse kukhala pamene mwatiika ndi mtima wokhazikika ndi manja ogwira nchito, kufikira tidzadya pamodzi pa gome lanu. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.